Kodi Nkoyenera Kuphunzitsa Ana Mau a Mulungu ndi Masewera a Zilembo?

Pali mlandu umene ukambidwa masiku ano pakati pa akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande Sukulu mu mzinda wa Mzuzu, ndipo ndiyesa kuti posachedwa udzafika ndi kwanu komwe. Mlandu wake ndi uwu: kodi nkoyenera kuti nkhani za m'Buku Lopatulika ziphunzitsidwe kwa ana mwa masewera a zilembo, kapena potero tichepsa chinthu chopatulika ndi kuchiyesa choseweretsa? Nkhaniyi ioneka yaing'ono, ya mapepala ndi mapensulo chabe, koma pansi pake pagona funso lalikulu, ndilo lakuti, kodi munthu tinene kuti wadziwa Mau a Mulungu pamene watani?

Ndiyambe ndafotokoza masewerawo, pakuti ena a inu simunawaone. Alipo a mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi wa mau obisika: mphunzitsi alemba zilembo zambiri m'mizere, zooneka ngati zopanda tanthauzo, koma pakati pake wabisa maina, monga Nowa, Sara ndi Davide, ndipo mwana afunafuna kufikira awapeza, nawazinga ndi pensulo. Wachiwiri ndi wa mau opingasa: pali timabokosi, tina totsika, tina topingasa, ndipo mwana ayankha funso polemba chilembo chimodzi m'kabokosi kamodzi, kotero kuti liu lotsika ndi lopingasa akomana pa chilembo chimodzi. Wachitatu ndi wa zilembo zosokonezeka: mphunzitsi alemba pabolodi ESOM, kapena ETUR, ndipo ana azikonza kufikira patuluka MOSE ndi RUTE. Ena mwa mapepala awa achokera m'mabuku a kunja, ena aphunzitsi awatenga pa intaneti ndi mafoni ao nakawachulukitsa pa makina m'tauni, ndipo ena aphunzitsi alemba okha ndi choko.

Pa mlandu uwu abale apatukana pawiri. Ena, makamaka akulu amene anaphunzira Katekisma pamtima akali ana, anena kuti Mau a Mulungu si bawo kapena nsikwa. Akumbutsa kuti makolo athu anayenda mitunda yaitali kukamva Mau, nasunga Buku m'nsalu yoyera pamwamba pa zonse za m'nyumba, ndi kuti lamulo lachitatu litichenjeza za kupeputsa Dzina loyera. Iwo ati, mwana wozolowera kuseka pa dzina la mneneri ali wamng'ono sadzanthunthumira pa mau a mneneriyo atakula. Koma ena, makamaka aphunzitsi achinyamata, ayankha kuti ana a makono azingidwa ndi mafoni, akanema ndi mpira, ndipo ukawalalikira monga ulalikira akulu, akhala nawe ndi thupi lokha. Iwo ati, taonani, tikawapatsa pepala phokoso litha, ndipo mwana amene sanakhudze Buku sabata yonse alitsegula yekha kufunafuna dzina la mkazi wa Isake. Onsewa ali anthu okonda Ambuye ndi okonda ana, ndipo sikuyenera kuti wina ayese mnzake mdani. Tiyeni tsono tiunike mlanduwu modekha, monga achita akulu pabwalo, kumva mbali zonse tisanagamule.

Kodi Nchachilendo?

Tiyambe taona ngati chinthuchi chili chachilendo monga ena ayesa. Mau opingasa a mtundu umene tiuona lero anayamba kusindikizidwa pa 21 Disembala 1913, m'nyuzi ya ku America yotchedwa New York World, ndipo anawakonza ndi Arthur Wynne, munthu wobadwira ku Liverpool. Iye sanaganize za mpingo ai. Anafuna kukondweretsa ogula nyuzi pa nyengo ya Khirisimasi. Potero chotengera ichi nchachilendo ndithu, ndipo sichinaumbidwe chifukwa cha Uthenga Wabwino. Koma Sande Sukulu yomwe inali yachilendo tsiku lina, pamene Robert Raikes anayamba kusonkhanitsa ana osauka a mu mzinda wa Gloucester m'chaka cha 1780, ndipo analipo anthu opembedza amene anatsutsa ntchitoyo ndi kunena kuti iipsa tsiku la Sabata. Chotengera chikhoza kukhala chatsopano, koma mwambo wa kubisa mau kuti wina awafune ngwakale ngati moto wa pabwalo. Ndani wa ife sanakhale madzulo pafupi ndi agogo, nsima itadyedwa, wina nafuula kuti "Chilape!" ena navomera kuti "Nachize!" ndipo tonse tinasinkha kufikira tinazindikira kuti nyumba yopanda khomo ndi dzira? Makolo athu sanayese zilapi chinthu chachabe. Ndi izo ananola nzeru za ana, nawaphunzitsa kupenyetsetsa zinthu za m'mudzi, ndi kudekha pofuna yankho.

Koposa apo, olemba Malembo Oyera eni ake analuka zilembo mwaluso, ndipo sanachite nazo manyazi. Tsegulani Salmo 119, limene liposa masalmo onse kutalika. Lili ndi zigawo 22, monga mwa zilembo 22 za Chihebri, ndipo chigawo chilichonse chili ndi ndime 8 zoyamba ndi chilembo chimodzimodzi. Zonse pamodzi ndime 176. Mitu inai yoyamba ya buku la Maliro, lolira kupasuka kwa Yerusalemu, inalembedwa motsata zilembo momwemo, ndiponso ndime 22 zotsiriza za Miyambo, zoyamika mkazi wanzeru wosunga banja. M'Chichewa ndi m'Chitumbuka luso ili silioneka, pakuti litayika posanduliza mau, koma mwana wa Chihebri analiona, ndipo linamthandiza kusunga mau pamtima, monga mfundo za pachingwe zinathandiza makolo athu kuwerenga masiku a ulendo. Taonani, ngakhale maliro a mzinda woyera analembedwa mwa dongosolo la zilembo, ndipo palibe ananena kuti mlembiyo aseka pamaliro. Akhristu akale naonso anajambula nsomba monga chizindikiro chao, chifukwa zilembo zisanu za liu la nsomba m'Chigriki ndizo zilembo zoyamba za maina akuti Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu, Mpulumutsi.

Ndipo pali china choposa zilembo. Pamene ana a Israele anaoloka Yordano, Yoswa analamulidwa kutenga miyala 12 pakati pa mtsinje, mwala umodzi pa fuko limodzi, naiimika ku Giligala. Miyalayo inali ngati chilapi choimikidwa pabwalo, kuti mwana wobadwa m'tsogolo aione, azizwe, nafunse atate wake tanthauzo lake, ndipo pamenepo atate amsimbire nkhani yonse ya chipulumutso. Werengani Yoswa 4. Paskha nayenso anakonzedwa kotero kuti mwana afunse. Mulungu amene analenga mwana adziwa kuti mtima wa mwana uli ngati nyumba yopiringidzidwa m'kati, ndipo funso la mwana mwini ndilo lichotsa mpiringidzo. Chimene mwana wafunsa yekha achisunga, koma chimene wathiridwa asanachifune chitayika ngati madzi othira pathanthwe. Mfumu yaikazi ya ku Seba inadza kwa Solomo ndi mafunso ovuta, ndipo sinadzudzulidwe. Ambuye wathu ali wa zaka 12 anapezedwa m'Kachisi pakati pa aphunzitsi, alikufunsana nao. Ndi Katekisma yemwe amene akulu athu amkonda, kodi sali mafunso ndi mayankho? Katekisma Wamfupi wa ku Westminster, wa chaka cha 1647, ali ndi mafunso 107.

Mlandu wofanana ndi uwu unaweruzidwa kale m'dziko lino la kumpoto. Mishoni ya Livingstonia itafika ku Bandawe mu 1881, ndi ku Ekwendeni, pafupi ndi Mzuzu, mu 1889, Akhristu oyamba anaphunzira nyimbo za maimbidwe a ku Ulaya. Koma Donald Fraser, amene anakhala ku Loudon, ndiko ku Embangweni, kuyambira 1902, analimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a kwao, ena ochokera ku ingoma. Ndipo amuna onga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anapeka nyimbo zimene ziimbidwa kufikira lero m'buku la Sumu za Ukristu. Ngati mpingo unakhoza kutenga liu la ingoma ndi kulipereka kwa Mulungu, sitingathe ife kunena kuti kabokosi ka papepala nkodetsedwa mwa iko kokha. Chifukwa chake ndinena poyera kuti masewera a zilembo sali tchimo.

Nyerere za mu Mkuyu

Koma tsono inu aphunzitsi achinyamata musafulumire kuomba m'manja, pakuti akale anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu mkuyu uwu ndiona nyerere zinai, ndipo akulu amene adandaula anaziona zina mwa izo, angakhale sanazitchule maina.

Nyerere yoyamba ndiyo kuyesa dzina ngati nkhani. Titenge nkhani ya Yona. Mphunzitsi abisa mau asanu ndi limodzi: YONA, NINEVE, CHOMBO, CHINSOMBA, MSATSI, MPHUTSI. Mwana wa maso akuthwa awapeza onse mpingo usanathe nyimbo imodzi, nalandira chizindikiro cha kukhoza. Koma mfunseni kuti, Yona anathawiranji? Ambiri adzati anaopa anthu a ku Nineve. Koma m'mutu wachinai Yona mwini aulula kuti anathawa chifukwa anadziwa kuti Mulungu ngwachifundo, ndipo sanafune kuti adani a mtundu wake akhululukidwe. Apo ndipo pali mtima wa buku lonse, ndipo palibe kabokosi kamene mtimawo ungalowemo. Mwana angathe kupeza maina onse a m'Buku, kuyambira Adamu kufikira Zekariya, osadziwa kanthu ka Mulungu, monga munthu wotola makoko a mtedza nadzaza thumba, nayesa kuti ali ndi kamba wa paulendo. Ndipo nyerere iyi ikula msanga pamene mphunzitsi ali waulesi. Pepala likhalitsa ana chete, ndipo kukhala chete kwa ana kunyenga. Mphunzitsi sanakonzeke Loweruka, agawa mapepala Lamulungu, nakhala pampando, nayesa kuti waphunzitsa.

Nyerere yachiwiri ndiyo mpikisano. M'Buku Lopatulika muli chilapi chimodzi chimene anthu anabetcherana, ndicho cha Samsoni pa ukwati wake ku Timna, chonena za uchi umene iye anaupeza mu mtembo wa mkango. Anapangana ndi anyamata 30 kuti wogonja adzapereka zovala, nawapatsa masiku 7 a madyerero kuti amasulire. Taonani zimene zinatsata. Anyamatawo posafuna kuchita manyazi anaopseza mkwatibwi kuti adzamtentha pamodzi ndi nyumba ya atate wake. Mkwatibwi analirira mwamuna wake kufikira anamuululira. Samsoni atagonja anatsikira ku Asikeloni, napha anthu 30 kuti alipire mangawa ake. Ndipo ukwati unathera pomwepo. Zonsezi zili pa Oweruza 14. Sitiyembekeza mwazi m'Sande Sukulu, koma mbeu yake ndi yomweyo. Pamene mphunzitsi alonjeza switi kapena kope kwa woyamba kutsiriza, apambana ndi yemweyo sabata ndi sabata, mwana wa pasukulu yolipira, amene kwao kuli magetsi ndi mabuku. Ndipo mwana wa mai wogulitsa masamba pamsika, amene awerenga chogwira chilembo chimodzi chimodzi ndi chala, abisa pepala lake pansi pa benchi. Wina aphunzira kunyada m'nyumba ya Mulungu. Winayo aphunzira kuti Mau a Mulungu ali a ochenjera okha, ndipo tsiku lina saonekanso. Iye amene anaimika kamwana pakati pa ophunzira ake pamene iwo anakangana za ukulu, adzatifunsa za mwana wosaonekayo.

Nyerere yachitatu ndiyo ya chinenero. Mzuzu ndi mzinda wa dzulodzulo. Unayamba ndi munda wa mitengo ya mafuta yotchedwa tung m'chaka cha 1947, nulandira ulemu wa mzinda waukulu mu 1985, ndipo anthu ake anachokera ku Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay, Karonga, Chitipa, ndi ku zigawo za pakati ndi kumwera. Pa benchi limodzi la Sande Sukulu ku Katawa, ku Chibavi kapena ku Zolozolo pakhala mwana wa Chitumbuka, wa Chitonga, wa Chinkhonde ndi wa Chichewa. Koma mapepala ambiri a masewerawa adza m'Chingerezi. Mwana alemba dzina la Mlengi m'timabokosi titatu ta Chingerezi, pamene amai ake apemphera kwa Chiuta, ndi amai a mnzake kwa Mulungu. Afika kunyumba ndi pepala lake, ndipo agogo sakhoza kumthandiza kapena kumfunsa. Potero chimene chinayenera kulunzanitsa mwana ndi makolo, monga miyala ya ku Giligala, chiwalekanitsa. Anthu anavutika zaka zambiri kuti timve Mau m'chinenero cha amai athu: Chipangano Chatsopano cha Chitumbuka chinatuluka mu 1911, Buku Lopatulika lonse la Chinyanja mu 1922, ndi Buku lonse la Chitumbuka mu 1957. Kodi tidzataya thukuta lao chifukwa chakuti pepala la Chingerezi lapezeka lokonzeratu? Chingerezi nchabwino, ndipo ana achiphunzire ndithu. Koma munthu alapa ndi kulira m'chinenero cha kwao.

Nyerere yachinai ndiyo yobisika koposa, ndipo ndipempha mutchere khutu. Masewera alionse aphunzitsa zinthu ziwiri, chimene chalembedwa papepala, ndi chizolowezi cha mtima. Mau opingasa azoloweretsa mwana kuganiza kuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi lalifupi, lokwana m'timabokosi take, ndi kuti ukalemba chilembo chotsiriza ntchito yatha, pepala ulipinde. Pa maina a mitsinje ndi a mafumu izi nzoona. Koma mwana ameneyo adzakula. Adzaima pamanda a mbale wake, adzafuna ntchito zaka zambiri osaipeza, adzaona woipa alikulemera. Ndipo akayesa Mulungu ngati pepala lina la mau opingasa, adzafuna liu la zilembo zisanu lofotokoza zonsezo, ndipo polisowa adzati Buku linama. Yobu anafunsa mitu yambiri, ndipo Mulungu anamyankha ndi mafunso ena. Abwenzi ake atatu ndiwo anali ndi mayankho okwana m'timabokosi, ndipo ndiwo anadzudzulidwa.

Pakuti zilapi zili za mitundu iwiri. Chilipo chimene yankho lake lili kunja kwa iwe, monga dzira, mwezi, kapena Mose. Ukalipeza useka, nupita monga unalili. Ndipo chilipo china chimene yankho lake ndi iwe mwini. Mneneri Natani anasimbira Davide za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mnansi wake wosauka. Mfumu inayankha msanga ndi mkwiyo, monga mwana wochenjera wa m'kalasi, niweruza kuti woteroyo ayenera kufa. Ndipo pamenepo inauzidwa kuti wolemerayo sanali wina koma iyo yomwe. Wachilamulo uja anafunsa Ambuye za mnansi, nasimbiridwa za Msamariya, nayankha bwino funso lotsiriza. Koma sanauzidwe kuti apumule popeza wakhoza, anatumidwa kukachita. Buku la Yona litha ndi funso la Mulungu za anthu oposa 120,000 a ku Nineve, ndipo yankho la Yona silinalembedwe, pakuti lasiyidwira wowerenga. Mau a Mulungu ali a mtundu wachiwiri uwu. Munthu awadziwa pamene iwo ampeza iye, namtsutsa, namtonthoza, namtuma. Masewera a zilembo akhoza kumfikitsa mwana pakhomo la chidziwitso chotere, koma kumlowetsa sakhoza.

Nanga kwa inu akulu oopa kuti Dzina lipeputsidwa ndinene chiyani? Mantha anu ngabwino, ndipo mpingo wopanda anthu oopa Mulungu watha. Koma ulemu sukhala pa nkhope yakugwa. Mwana wokhala chete chifukwa aopa ndodo, maganizo ake ali ku mpira, salemekeza Mau kuposa mnzake wotsegula Eksodo ndi chimwemwe kufuna dzina la mlongo wa Aroni. Ndipo tinene zoona, Dzina lipeputsidwa kawirikawiri ndi ife akulu, polumbira pamsika ndi polimbirana maudindo a mpingo ana alikuona, koposa ndi pensulo ya mwana. Komabe pa chinthu chimodzi ndivomerezana nanu kotheratu: zilipo nkhani zosayenera kusewera nazo. Zowawa za Ambuye pa Gologota, mau a pa Mgonero, ndi maina oyera a Mulungu, izi tisazisokoneze zilembo pabolodi kuti ana aseke. Mwana wa kumudzi adziwa kusiyanitsa bwalo la masewera ndi msitu wa kumanda, ndipo palibe amuda chifukwa cha kusewera pabwalo. Chomwecho mwana wa mpingo adziwe kuti alipo malo osekapo, ndipo alipo ena pamene munthu avula nsapato.

Tichite Bwanji Tsono?

Ndipereka malangizo asanu ndi limodzi, kuti akulu ndi aphunzitsi awayese m'misonkhano yao, asunge okoma ndi kukonza operewera.

1. Nkhani itsogole, masewera atsate. Mphunzitsi asimbe nkhani yonse ndi pakamwa, monga agogo asimba nthano, maso ake ali pa ana. Pambuyo pake iwerengedwe m'Buku. Ndipo pomaliza pepala lituluke. Nkhani ndiyo nsima, masewera ndi ndiwo, ndipo palibe mai wanzeru agoneka mwana ndi ndiwo zokha.

2. Mafunso akhale onyamula tanthauzo. Mukafunsa kuti, munthu wamfupi wa ku Yeriko ndani, mwana ayankha Zakeyu, nathera pomwepo. Koma muyese kutere: "Ndinakwera mumtengo ndili wolemera, ndinatsika ndi kugawa chuma changa, ndipo tsiku lomwelo ndinapindula koposa masiku onse. Ndine yani?" Kapena kutere: "Ndinakana ulendo wa pamtunda, ndinalipira wa panyanja, ndipo ndinabwezedwa kugombe ndi bwato lamoyo lopanda nkhafi. Ndine yani?" Mwana woyankha mafunso otere wasenza nkhani yonse pamodzi ndi dzina.

3. Ana agwire ntchito m'magulu, wodziwa kuwerenga pamodzi ndi wosadziwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Gulu lisayesedwe kuti latsiriza kufikira wamng'ono wa onse akhoza kusimba nkhaniyo ndi mau ake. Mphotho ya liwiro ilekeke. Ngati pali switi, onse alawe.

4. Masewera akhale m'chinenero chimene ana apemphera nacho kwao, ndipo mphunzitsi awakonze yekha, pakuti powakonza iye yemwe awerenga nkhani kawiri ndi katatu. Achenjere ndi kalembedwe. Mabuku akale a Chinyanja alemba liu la chikondi lopanda h, popeza ch anakhazikitsidwa ndi malamulo a kalembedwe ka Chichewa a chaka cha 1973; ndipo ngati timabokosi tili 8, Buku la agogo nilipereka zilembo 7, mwana adzayesa kuti Buku lalakwa. Mphunzitsi atenge maina m'Buku lomwelo limene ana ali nalo m'manja.

5. Ana aloledwe kupeka zilapi zao ndi kuphera anzao. Woyankha chilapi akhoza kugwa pa yankho mwamwai, koma wochipeka ayenera kuidziwa nkhani kuyambira kumutu kufikira kumchira. Ndipo mudzazizwa kuona kuti mwana wochedwa pa zilembo nthawi zina ndiye aposa onse popeka, pakuti zilapi za pakamwa sizifuna pensulo.

6. Phunziro lisathere pa kabokosi kotsiriza. Mapepala atapindidwa, mphunzitsi afunse funso limodzi lopanda timabokosi. Pa nkhani ya Yona afunse kuti, kodi alipo munthu amene iwe sufuna kuti Mulungu amkhululukire? Pa nkhani ya Zakeyu afunse kuti, kodi uli nako kanthu ka mwini kofunika kubweza? Funso ili lisalembedwe, lisapatsidwe malikisi, ndipo mwana asakakamizidwe kuyankha pamaso pa anzake. Lisiyidwe mumtima mwake, ndipo pamenepo apemphere.

Inu abale a m'midzi, kumene kulibe makina ochulukitsa mapepala, musayese kuti ana anu atsala m'mbuyo. Muli nalo bwalo losesa bwino ndi kamtengo kolembera pansi. Muli nao madzulo a mwezi woyera. Muli nazo nkhalamba zodziwa kupha zilapi kuposa mabuku onse a kunja. Zimenezi zikwanira. Ndipo inu atate ndi amai a m'tauni, mwana akadza kunyumba ndi pepala lake, musamfunse chabe kuti wakhoza angati. Mkhazikeni pansi, nimunene kuti, tandisimbira, munthu ameneyu wamzinga ndi pensulo anatani, ndipo Mulungu anatani naye? Mwana akalephera, tsegulani Buku muwerenge naye. Akakufunsani chimene inu simuchidziwa, musachite manyazi, pitani nonse kwa mkulu wa mpingo, pakuti safunsa anadya phula. Ana a Israele anaimika miyala, koma miyalayo sinalankhule. Analankhula ndi atate. Momwemonso pepala la mphunzitsi lidzadzutsa funso, koma udindo wa kuyankha Mulungu anauika pa ife makolo, ndipo sitingaupereke kwa wina. Mmera mpoyamba, abale. Ambuye atipatse nzeru ya kukondweretsa ana popanda kuwanyenga, ndi ya kuwaphunzitsa kuopa Mulungu popanda kuwathamangitsa m'nyumba yake.

Ndine wanu m'ntchito ya Ambuye,
Mphunzitsi wa Kalasi, Mzuzu.